Kuwonda kwa Tithokoze

Bangula,
Nsanje.

19 Okutobala 2025.

Okondedwa achemwali anga Josephine,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino kumeneko ku Joni. Kuno tili moyo, kungoti dzuwa la chaka chino likutiwotcha ngati tinalilakwira. Mlamu wanu Raphael akadali pa ntchito yake yokonza njinga pamsika. Mwana wanu Tithokoze ali bwino, akupita kusukulu, ndipo akudya. Ndayamba dala ndi mawu amenewa kuti muwerenge zotsalazo mtima uli m'malo.

Mudabwa kuti masiku ano a foni ndikukulemberani kalata. Chifukwa chake mukuchidziwa. Pafoni ine ndi inu sitimaliza nkhani: inu mumayamba kuyankha ndisanafike pakati, ine ndimayamba kulira, kenako bandulo yatha. Papepala simungandidule mawu. Ndiipereka kwa a Lorenso, aja amanyamula katundu wa anthu kupita kumeneko, ndipo ndawapempha kuti akupatseni m'manja.

Uthenga wanu wa Lachitatu ndaumvetsera kanayi. Mwati mwaona chithunzi chimene anakutumizirani Priska, mnansi wanga uja, ndipo mwana wawonda, akuyenda wapansi dzuwa lili paliwombo. Mwati ndikumuzunza poti sindinabereke, ndiye sindidziwa kuwawa kwa mwana. Mwatinso sukulu ikatseka mu Disembala abwera a Fanizo, mng'ono wa malemu bambo ake, kudzamutenga kuti akakhale nawo kuboma ku Nsanje. Mawu a kusabereka aja anandilasa, sindinama, koma ndawameza, chifukwa mtima wanu wapachala ndinakula nawo. Za kumutenga mwanazi, ndikupempha muyambe mwamva nkhani yonse. Mlandu ndili nawodi, achemwali, koma si umene wandipatsa Priska. Pali zimene ndakubisirani kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Mukukumbukira mmene munandisiyira mwanayu, chaka chija madzi anakokolola nyumba yanu ku Chiromo, amuna anu a Sebastiano atangotisiya kumene. Anali ndi zaka zisanu, miyendo ngati bango. Akuchimuna sankafuna kuti akhale ndi ine. Ankati malowolo anaperekedwa onse, ndiye mwana ndi wawo, ndipo anangolola chifukwa munawagwadira mukulira. Inu mutakwera basi, a Fanizo anandiuza kuti aziona. Ankaonadi. Akabwera, asanapereke ndi moni womwe, ankamuitana Tithokoze n'kumutsina pamkono monga amachitira ogula mbuzi, kenako n'kundiyang'ana ine. Kwathu kuno mukudziwa kuti wolera mwana wa mwini saweruzidwa ndi zina ayi, koma thupi la mwanayo. Akanenepa ndiwe munthu, akawonda ndiwe mfiti.

Ndiye ndinalumbira kuti palibe adzapeze fupa pa mwana wa achemwali anga. Mandazi amene ndimakazinga ogulitsa, oyamba kutuluka m'mafuta anali ake. Tiyi wam'mawa ndinkathira shuga masupuni anayi, ndipo akaweruka kusukulu ankapeza mafirizesi akumudikira mufiriji, angati angati osawerenga. Loweruka linali la tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa cha m'botolo. Kusukulu sindinkalola kuti ayende, ndinamupezera wakabaza womutenga ndi kumubweza. Mwana anadzaza, masaya anatuluka, madiresi ankatha msinkhu asanathe nsalu. A Fanizo anasiya kutsina, anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. Inu ndikakutumizirani chithunzi munkayankha ndi timitima tofiira, n'kuti Mulungu andidalitse. Amayi akutchalitchi akati mwana wanu wanenepa bwino, ine sindinkawakonza kuti si wanga, ndinkangothokoza.

Chaka chatha anayamba kutopa msanga. Anzake akamasewera netiboli iye ankakhala pamthunzi kuwasungira nsapato. Nthawi zina ankadandaula kuti kukumupweteka kumanja kuno, pansi pa nthiti, ine n'kumati wadya mofulumira. Kenako khosi lake linada kumbuyo, mzere wakuda bii. Ndinaganiza kuti ndi litsiro, poti atsikana a msinkhu uwu kusamba amakuona ngati chilango. Ndinamukhula ndi sopo, ndinamukhula ndi mwala, mpaka tsiku lina anatuluka magazi. Iye sanalire, anangogwira m'mphepete mwa beseni. Ndikakumbuka zimenezi manja anga amandinyansa.

Mu Epulo ndinapita naye kuchipatala chifukwa cha ululu wa m'nthiti uja. Tinapeza kuli alendo ochokera ku Blantyre, madokotala amene amabwera kamodzi pamwezi kudzachita kafukufuku wa matenda a mafuta m'chiwindi, kwa akulu ndi ana omwe. Namwino wawo ndi mtsikana wa kwathu konkuno, wa kwa Tengani, dzina lake Glory. Anangomuona Tithokoze pamzere, n'kumutukula kolala ya yunifolomu, n'kundiuza motsitsa mawu kuti ena asamve:

"Ili si litsiro tayu, mama. Lekani kumukhula mwana."

Anati khosi lakuda chotere nthawi zambiri limasonyeza kuti thupi layamba kulephera kulimbana ndi shuga. Anatipempha ngati tingalole kuti amuunike m'mimba ndi kumuyeza magazi, ndipo ndinalola. Zotsatira zitabwera, dokotala wamkulu, mayi wamagalasi wolankhula pang'onopang'ono, anandikhazika pansi n'kundiuza kuti chiwindi cha mwana chadzaza mafuta ndipo chayamba kutupa. Ndinatsutsa. Ndinati matenda a chiwindi ndi a anthu omwa kachasu, ndipo kunyumba kwanga ngakhale thobwa likagona masiku awiri timalitaya. Iwo anandifunsa ngati ndinaphapo nkhuku yonenepa kwambiri n'kupeza chiwindi chake chili chotuwa, chosachedwa kufumbutuka m'manja. Ndinati kambirimbiri. Anati ndi zomwezo, ndipo siziyembekeza mowa, shuga ndi zokazinga zimakwanira. Anati zikasiyidwa, pakapita zaka chiwindi chimatha kuuma n'kuleka ntchito, koma kwa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi mpata wobwerera ulipo waukulu.

Kenako anandifunsa zimene mwana amadya tsiku lonse, kuyambira m'mawa. Achemwali, ndinayamba kutchula monyadira, monga ndinkachitira kwa a Fanizo. Ndili pakati ndinaona kuti cholembera cha dokotala chikuthamanga ndipo Glory wayang'ana pansi. Ndinalekera pomwepo. Palibe anandidzudzula, koma ndinatuluka m'chipinda muja ndikudziwa kuti mwana wanu ndamudwalitsa ndine, ndi manja anga, ndiponso ndi chikondi.

Nanenso anandiunika, poti anati matendawa amakonda kuyenda m'nyumba imodzi. Anandigoneka pa makina omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Zaka khumi ndi zinayi za ukwati ndakhala ndikulota tsiku limene ndidzagone pamenepo dokotala n'kunena kuti waona kanthu. Anaonadi kanthu, koma anali mafuta. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo Glory sanadziwe ngati aseke nane kapena andigwire dzanja.

Tsopano ndifotokoze za kafukufukuyu, chifukwa ndikudziwa kuti mawu amenewa akuopsani. Iwo ananena poyera kuti mankhwala otsimikizika ochiza matendawa mwa ana sanapezeke, ndipo n'chifukwa chake akufufuza. Aliyense wolowa amaphunzitsidwa kadyedwe ndi kuyenda, ndipo amamwa piritsi limodzi patsiku kwa chaka ndi theka. Theka la anthu limalandira mapiritsi amene akuyesedwawo, theka lina limalandira ofanana nawo maonekedwe koma opanda mankhwala, kuti pomaliza aone ngati pali kusiyana. Amene wapatsidwa ati, palibe akudziwa. Ine ndi nzeru zanga za pamsika ndinamukokera Glory pambali n'kumunong'oneza kuti ine andipatse abodzawo palibe kanthu, koma mwanayu amusankhire enieni. Anaseka n'kundionetsa mabotolo, onse ofanana, olembedwa manambala okha. Anati ngakhale dokotala wamagalasi uja sadziwa. Magazi amatenga kabotolo kochepa ngati chala, kamodzi pa miyezi itatu, ndipo zotsatira amatiwerengera tili pomwepo. Anatiuzanso kuti wofuna kusiya amasiya tsiku lililonse, ndipo chithandizo cha kuchipatala samulanda.

Anandipatsa mapepala kuti ndikawerenge kunyumba sabata yathunthu, ndipo anandiuza kuti ndikambirane ndi mayi ake a mwana. Raphael naye anati mutu umodzi susenza denga, ndikuimbireni. Foni ndinaigwira kangapo. Koma ndikanayamba bwanji? Kuti achemwali, zithunzi zija munkaziyamikira zinali za matenda? Ndinaopa kuti mukamva, a Fanizo amva, ndipo sabata isanathe mwana achoka. Ndiye ndinabwerera kuchipatala n'kunena kuti mayi ake ali kutali ndipo womulera ndine, zimene ndi zoona, n'kusaina. Koma atandifunsa ngati mwavomera ndinagwedeza mutu, ndipo limenelo linali bodza.

Tithokoze anamufunsanso payekha, poti amati mwana wa msinkhu wake ayenera kuvomera ndi pakamwa pake. Mwanayo anafunsa ngati jakisoni wake ndi wamkulu, ndiponso ngati akachira adzatha kusewera netiboli. Atamuyankha analemba dzina lake lonse bwinobwino, mpaka lilime kunja. Tili m'njira anandifunsa ngati amayi a ku Joni akudziwa. Ndimo mmene amakutchulirani, musakhumudwe. Ndinati ndiwauza. Anandifunsanso mu Meyi, anandifunsanso mu Julayi, kenako analeka.

Kuyambira pamenepo m'nyumba muno zinthu zinasintha. Shuga ndinachepetsa pang'onopang'ono mpaka supuni imodzi yosadzaza. Mafirizesi ndikugulitsabe, koma iye amamwa madzi a mumtsuko. Timadya nyemba, therere, chisoso, mlamba wowamba, phala la mapira, ndipo akafuna chotsekemera ndimamupatsa masawu kapena papaya. Wakabaza ndinamuthokoza. M'mawa timayenda limodzi mpaka kusukulu dzuwa lisanakwiye, ine n'kupitirira kumsika, ndipo masana amabwerera ndi anzake atafunda kansalu kumutu. Masabata oyamba anali ankhondo. Analira, anandinena kuti ndasiya kumukonda, tsiku lina anakana kudya mpaka madzulo. Ine ndinkapita kuseri kwa bafa kukalira kwanga, n'kubwera ndi nkhope youma.

Anthu nawo sanachedwe. Nkhani inali m'kamwam'kamwa kuti mkazi wa Raphael watopa ndi mwana wa mwini, akumudyetsa zakudya za chaka cha njala pamene iye akukazinga mandazi. Priska anayamba kumuitanira kuseri kwa mpanda n'kumamupatsa mabisiketi, ati akumupulumutsa. Sindimuda kwenikweni, chifukwa zaka ziwiri zapitazo nanenso ndikanaona mwana wa mnzanga akuphwa chotere ndikanachita zomwezo. Kulakwa kwanga n'kwakuti sindinamuuze chilichonse, poopa kuti pakamwa pake pafika ku Nsanje ndisanatseke chitseko. Kwa inu ndinkatumiza zithunzi za nkhope yokha. Chija cha diresi lachikasu chimene ndinati ndi cha mu Juni chinali cha chaka chatha.

Sabata yatha tinakayezetsa za miyezi isanu ndi umodzi. Dokotala anati manambala a chiwindi cha Tithokoze atsika kwambiri, ndipo mafuta achepa, ngakhale sanathe. Anati sangadziwe ngati ndi piritsi kapena miyendo yake, zimenezo zidzadziwika kafukufuku akatha. Khosi layamba kuyera lokha popanda mwala. Netiboli akusewera, amuika kumbuyo kotchinga, ndipo akuti ndi waukali ngati mayi ake. Anga manambala angotsika pang'ono, chifukwa wokazinga mandazi salephera kulawa, ndipo Glory wandiopseza kuti auza mwana azindilondera. Tinabwerera kunyumba tikuseka njira yonse, ndipo ndinati Lamlungu ndikuimbirani ndiulule zonse, poti tsopano ndinali ndi nkhani yabwino yophimbira yoipayo. Uthenga wanu unandipitirira.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Pamene ndinkamvetsera uthenga uja, sindinadziwe kuti Tithokoze ali pakhonde ndipo akumva zonse. Kutacha ndinayala mandazi m'beseni kuti azizire, n'kupita kukatunga madzi. Pobwera ndinamupeza ataima pabeseni paja atavala kale yunifolomu, masaya ali tutumu, lina lili m'manja. Anali atadya anayi. Sankadya mokondwa ayi, ankachita kukankha, misozi ikutsika. Ndinamugwira dzanja n'kumufunsa chimene akuchita.

"Ndikufuna ndinenepenso msanga," anatero. "Ndikanenepa amayi a ku Joni sakwiya, ndiye a Fanizo sabwera."

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi akudziwa bwino zimene mandazi amachita m'chiwindi chake, anazimva yekha kwa dokotala, koma anasankha kudwala kuti akulu tisakangane. Tsiku limenelo sanapite kusukulu, inenso sindinapite kumsika. Ndinamulonjeza kuti ndikulemberani zonse osasiyako, ndipo ulendo uno anandiuza kuti akufuna aone kalatayo ikulowa m'chikwama cha a Lorenso.

Ndiye pempho langa ndi ili. Mu envelopu muno ndaikamo mapepala onse a kafukufuku, ndi nambala ya Glory. Dzulo ndinapita kukamuuza kuti ndinanama. Sanandikalipire, koma anati sangapitirize kumupatsa mwana mapiritsi mpaka amve mawu anu, ndipo mukakana amuchotsa popanda mlandu. Madokotala aja abweranso pa 12 Novembala. Muimbireni, mufunseni chilichonse, mukalipireni ngati mukufuna, amamva Chisena ndi Chingerezi chomwe. Mukakana za mapiritsi ndi magazi ndidzamvera, chifukwa ndinalakwa kusankha ndekha. Koma za ku Nsanje ganizani kawiri. A Fanizo mukuwadziwa, chaka chija cha mphekesera za anamapopa anali patsogolo ndi chibonga, ndipo sangalole kuti mwana wa mkulu wawo ayezedwe ngakhale dontho la magazi. Akazi awo ali ndi golosale, ndipo adzafuna kuonetsa boma lonse kuti iwo ndiye amadziwa kulera. Pofika Isitala adzakutumizirani chithunzi chokongola kwambiri, ndipo mudzasangalala monga munkasangalalira ndi zanga.

Sindibisa, ndikudzipemphereranso ndekha. Nyumba ino isanalandire Tithokoze inali ya anthu awiri odya mwakachetechete. Sindidziwa kuti ndidzayenda bwanji njira ya kusukulu ija m'mawa popanda wondiuza kuti ndikuchedwa. Koma sindinaiwale kuti ndi wanu. Amaseka ngati inu, mutu n'kuuponya kumbuyo, ndipo akakwiya amakweza phewa limodzi monga munkachitira amayi akakutumani kumtsinje. Tsiku lililonse ndimakuonani mwa iye, ndipo m'malo moti zinditonthoze zimangondikumbutsa kuti papita zaka zisanu ndi chimodzi ndisanakugwireni dzanja. Ndakusowani, achemwali. Ndasowa wondiseka ndikapsereza ndiwo, ndasowa wopita naye kumanda a amayi kukalambula. Tsiku lija kuchipatala, dokotala akulemba, munthu amene ndinkamufuna pambali panga munali inu, ngakhale ndinkadziwa kuti mukanandikalipira pamaso pa onse.

Ndikudziwa kuti mapepala anu kumeneko anatha, ndipo mukadutsa malire mwina simudzatha kubwereranso kuntchito. Sindikupeputsa zimenezo, ndikudziwa kuti thukuta lanu ndi limene lamuveka ndi kumuphunzitsa mwanayu. N'chifukwa chake zaka zonsezi sindinanenepo kuti bwerani.

Alamu anu akupereka moni, ati musamukwiyire kwambiri mkazi wawo poti iwo anamukwiyira kale. Amayi a kwaya amakufunsani nthawi zonse. Tithokoze ndinamusiyira malo pansi apa kuti alembe moni wake, koma wagwira cholembera nthawi yaitali n'kundibwezera. Wati sadziwa ngati alembe kuti ali bwino, poti inu simukhulupirira mpaka mutamuona.

Ngati mwawerenga zonsezi ndipo mtima wanu ukadali pomwepo, mwana ndi wanu, sindidzatseka chitseko. Ndidzamuchapira zovala, ndidzamulongedzera, ndidzalemba papepala zimene ayenera kudya. Koma musatume a Fanizo. Munandipatsa mwanayu ndi manja anu, mubwere mudzandilande ndi manja anu omwewo, kuti tsiku limene ndidzataye iye ndidzakuoneniko inu.

Ndine mng'ono wanu wokusowani,

Immaculate.